Chitini cha Nkhope Yokwinya

Chaka chimene anaika zitini ziwiri pakhomo la kiliniki yathu ku Chawama, amayi anga ankavutika ndi bipi, matenda othamanga magazi aja. Mwezi uliwonse ndinkatseka kashopu kanga kosokera zovala n'kuwaperekeza.

Pachitini china anajambulapo nkhope yoseka, pachinzakecho nkhope yokwinya ngati ya munthu amene watafuna kwinini. Aliyense akathandizidwa, ngakhalenso womuperekeza, ankapatsidwa chitsekerero cha botolo kuti aponye kumene mtima wake wagwa. Akuluakulu a kuofesi akabwera ankakhuthula zitinizo kuti aone ngati anthu tikukhutira ndi thandizo.

Komatu makina opimira bipi anali atafa kalekale. Kampira kake kopopera kanali katabooka, moti asisita akapopa kankangolira kuti fwii, basi. Ankangowayang'ana amayi m'maso, kuwafunsa za mutu, n'kuwapatsa mapiritsi omwe aja. Ine ndinkachita mantha zedi, chifukwa amayi anali atagwapo kale ndi chizungulire pampopi, ndipo palibe ankadziwa ngati mankhwalawo akukwanira.

Nanga eni akewo potuluka? Chitsekerero gobede m'chitini choseka, maondo atapinda mwaulemu.

"Amai, makina ni yakufa, manje mwasekelela chani?" ndinawafunsa tsiku lina nditapsa mtima.

"Iwe, ba Sista banipasa moni, bafunsa na bazukulu. Nibakwinyile nkhope monga nilibe mwambo?"

Amayi onse a m'komboni ankatero. M'chitini chokwinya kangaude anamangamo nyumba. Nditayesa kuponyamo ine, amayi ananditsina pamkono mpaka ndinabweza dzanja.

Mmawa wina asisita anatulukira pakhonde, manja ali m'chiuno. Anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene anabadwitsa theka la ana a kwathu. Anatiuza kuti akuluakulu aja anabwera, anagwedeza chitini choseka, n'kuwayamikira kuti kiliniki yawo ilibe vuto. Makina atsopano anapita nawo kukiliniki ina kumene anthu amadziwa kudandaula.

"Imwe bazimai, ulemu wanu wanipaya!" anatero. "Nikapempha makina, bakamba ati bantu bako baseka chabe. Chitini ichi si nkhope yanga. Kwinyani, napapata, chonde!"

Ena anayang'ana pansi, ena anayamba kukonza zitenje zomwe zinali zokonzeka kale. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo tsikulo woyamba kutuluka m'chipinda anali amayi.

Anaima pakati pa zitinizo ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Dzanja linapita kuchitini choseka mwachizolowezi, n'kubwerera. Anachotsa kaye ukonde wa kangaude ndi chala, kenako anatembenukira kwa asisita.

"Ba Sista, munikhululukile. Si imwe, ni makina."

Chitsekererocho chinalira kuti ngwee, chifukwa munalibe kanthu. Asisita anaimba nthungululu, khonde lonse n'kufa ndi phwete. Otsatira onse anaponya momwemo, aliyense akupepesa, agogo ena mpaka kuwomba m'manja.

Makina atsopano anafika mvula itatha. Mkono woyamba kumangidwa lamba unali wa amayi. Asisita anali akuseka, koma atayang'ana nambala anasiya. Anapimanso kachiwiri, n'kuwasinthira mankhwala tsiku lomwelo. Ine ndinakhala pabenchi ndikuganiza za miyezi yonse ija tinkaseka m'chitini.

Potuluka amayi anaponya chitsekerero chawo m'chitini choseka. Kenako anatambasula dzanja, kulanda changa, n'kuchiponya m'chokwinya, maondo atapinda monga mwa masiku onse.

"Ba Sista, iyi ni ya ku chimbuzi," anatero. "Kulibe manzi."