Apongozi anandifufutira njira ya panyanja

Ndatopa, abale. Ntchito yanga inathera pa tebulo la wokonza mawailesi pa boma pano pa Chadiza, ndipo mpaka lero palibe wanena ngakhale pepani. Dzina la mmisiriyo sinditchula. Si kuti ndaliiwala ayi. Ndi atsibweni a mkazi wanga, ndiye kwa ine ndi apongozi. Mwaona kale pamene pagona vuto.

Ine ndine Zuze. Tinabwera kuno tikuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Ndinakulira kuno, ndinakwatira ku Pembamoyo, ndipo ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga Esinati monga mkamwini wina aliyense. Nkhondo itatha ndinadutsa pa Chanida kukasaka ganyu, mwayi n'kukandipeza pa nyanja ya Kabora Basa. Ndinayamba ndi kukapa madzi m'boti, kenako n'kukhala woyendetsa. Tinkanyamula matumba a kapenta wouma, ndi anthu omwe.

Inu a kumtunda kuno mukamva nyanja mumaganiza kuti ndi madzi okhaokha. Ijayi ndi nkhalango yomira. Atatseka mtsinje wa Zambezi, madzi anakwirira mitengo ili chiimire, ndipo ilipobe. Ina nsonga zimaoneka, ina yabisala pansi pang'ono chabe, kudikira boti. Njira yabwino ndi imodzi, kutsata pamene mtsinje wakale unkadutsa. Koma mtsinjewo suoneka, ndipo ndi wokhotakhota.

Bwana wathu, mwini boti, anagula ku Joni kachipangizo kolozera njira, kotchedwa jipiesi. Kukula kwake ngati wailesi ya m'thumba, kali ndi kagalasi ndi timabatani. Kamamva masetilaiti a kumwamba n'kukuuza pamene uli. Sikaloza ndendende, kamasemphako mwina utali wa bwalo la mpira, koma pa mtsinje wotakata ngati uja zimakwana. Chuma chenicheni chinali zimene tinasungamo. Kunali mdala wina, malemu a Batista, amene anapalasa bwato pa Zambezi madzi asanakwere. Tinayenda nawo miyezi yambirimbiri, iwo akuloza, “apa khotera kumanja, apa panali chilumba,” ine n'kumadina batani kuti malowo asungike. Atamwalira, njira yonse inatsalira m'kachipangizo kameneka. Bwana ankangoti tidzakopera papepala mawa, mawa lakelo osafika.

Ndiye kanayamba matenda. Boti likangomenya funde, thi! kazima. Uyatse, kayaka. Funde lina, thi! Ndinasintha mabatire, chimodzimodzi. Ndinapanikiza ndi kapepala kopinda, kanapirira tsiku limodzi n'kuyambanso. Nditasuzumira bwino molowa mabatire, ndinaona kuti kasipuling'i kamodzi kadyedwa ndi dzimbiri. Basi, matenda onse anali amenewo. Boti litakwezedwa kumtunda kuti alimate, ndinapempha tchuthi chodzathandiza kugulitsa mtedza. Bwana anati, “Pita nako, ku Chipata kuli amisiri. Asinthe kasipuling'iko, china asakhudze.”

Ku Chipata sindinafikeko. Esinati, mwa chimwemwe chake, anauza amayi ake kuti amuna anga abwera ndi makina olankhula ndi kumwamba. Amayi akewo anauza alongo awo. Kusanade uthenga unafika: “Tamva kuti akamwini akupititsa ntchito kwa alendo ku Chipata. Kodi pa mtundu pano palibe mmisiri?”

Ndiuzeni inu, mukanayankha chiyani? Awa ndiwo eni mbumba. Ndiwo anavomereza ukwati wanga, ndiwo anandilozera pomanga nyumba, ndiwo anandipatsa munda. Akulu anati mkamwini asamakule mwendo. M'mawa mwake ndinakwera njinga, ulendo wa ku boma.

Shopu yawo ndi kachipinda ka malata kuseri kwa msika, mawailesi akufa ali mulu mpaka kudenga. Ndinavula chipewa, ndinanyonyomala pakhomo, ndinapereka ndi manja awiri, maso ali pansi.

“Apongozi, vuto ndi kasipuling'i aka kokha. Mkatimo chonde musatsegule, muli zinthu zosungidwa.”

Anaseka. “Akamwini, ine ndinayamba kutsegula mawailesi inu musanamere mano. Kodi wodwala amauza sing'anga pomutema mphini?”

Anakayatsa momwemo m'nyumba. Kagalasi kanasonyeza kuti kakusaka masetilaiti koma sikakuwapeza. Ndinanena motsitsa mawu kuti pansi pa malata sikagwira, kamafuna panja poona thambo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anatsegula wailesi yawo ya pashelufu, mawu a ku Lusaka n'kumveka bwinobwino.

“Mwamva? Iyi ikugwira Lusaka ili m'nyumba momuno. Yanuyi ikukanika bwanji? Ndiye kuti matenda ali mkati. Isiyeni, mubwere Lachisanu.”

Ndikanatani? Kuwalanda m'manja? Anthu ali pa benchi akuonerera? Ndinati zikomo, n'kubwerera.

Lachisanu ndinapeza loko pachitseko. Akuti apita kumaliro ku Zingalume. Chabwino, maliro sitikangana nawo. Ndinapalasa kubwerera, fumbi lili m'mphuno. Lolemba ndinapezanso loko. Akuti apita kukagula waya ku Chipata. Ku Chipata komwe ine ndinaletsedwa kupita! Ndinakhala pa khonde la shopuyo mpaka miyendo inachita dzanzi, kenako n'kupalasanso.

Tsiku limene ndinawapeza, ndisanatsike n'komwe pa njinga, ndinaona lichero pamwamba pa denga la shopu. Mukudziwa mmene timachitira kuno wailesi ikanyowa kapena mabatire akafooka: timayanika padzuwa. Apongozi anatsitsa licherolo monyadira. Munali jipiesi ya bwana, yophwasulidwa, chivundikiro uku, matumbo uku, tizomangira tili m'kachitini ka machesi.

“Chinthu cha panyanja chimasunga chinyezi,” anatero. “Ndachiyanika masiku onsewa. Ndiye ndapezamo kabatire kena kobisika, kozungulira ngati ka wotchi, kochita kuwotcherera. Kakalekale. Ndakadula, ndaikamo katsopano. Kameneko musalipire, ndinu mwana wa pakhomo.”

Kabatire kameneko ndi kamene kamasunga zonse makina akazima. Bwana anandichenjeza tsiku lomwe anandipatsa kachipangizoka, kuti kakangochoka, zonse zaiwalika.

Apongozi anabwezera zonse, anamanga. Kasipuling'i anasinthadi, ndisawanamizire. Ndinathamangira pa bwalo la mpira la pasukulu, ndinakakweza m'mwamba, anthu odutsa akundiyang'ana ngati wamisala. Kanasaka nthawi yaitali, kenako kanagwira. Kanandipatsa manambala osonyeza kuti ndaima pa Chadiza. Zikomo kwambiri, ngati kuti sindimadziwa. Ndinadina pa malo osungidwa aja. Mbee! Ndinazimitsa, ndinayatsanso. Mbee. Ngakhale amodzi. Ndinamva ngati a Batista amwalira kachiwiri. Ndinakhala pansi pa fumbi pomwepo, ine bambo wa ana atatu, n'kulira.

Nditapukuta maso ndinabwerera ku shopu. Ndinanyonyomalanso.

“Apongozi, njira zonse zafufutika.”

“Sikakuyaka?”

“Kakuyaka.”

“Mukagwedeza kakuzima?”

“Ayi.”

“Nanga mukudandaula chiyani? Wailesi ikataya siteshoni timapotokola n'kuipezanso. Mukapotokole kunyanjako.”

Atatero anacheukira anthu a pa benchi aja. “Mwawaona ana a masiku ano? Uwaikire chinthu chaulere, kuthokoza kwake ndi nkhope yokwinya.” Anthu anaseka. Ndipo ine ndinathokozadi. Ndinawomba m'manja, ndinati Mulungu awadalitse.

Kunyumba Esinati anandigwira dzanja. “Chonde musandichititse manyazi. Atsibweni anachita mwa chikondi.” Ndikudziwa kuti anachita mwa chikondi. N'chifukwa chake ndatopa chonchi. Akanakhala wakuba, bwenzi nditamugwira pakhosi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Nditafika kunyanja n'kufotokoza, bwana anangogwira mutu. Katundu anali atadzaza kale padoko, anthu akudikira, boti lina kunalibe. “Njira imeneyi wayenda kangati? Uikumbukira,” anatero. Ndinati tidikire kaye kuti kunja kuyere. Anati kapenta wa anthu sadikira.

Inali nyengo yotentha tchire, utsi utakuta dziko lonse. Masiku abwino makina akavuta timayendera mapiri. Ukaona nsonga iyi yalunjikana ndi iyo, umadziwa kuti pokhota pakwana. Tsiku limenelo dzuwa lili pamutu, kutsogolo kunali mbuu, madzi ndi thambo osasiyana. Kampasi inalipo, koma kampasi imakuuza komwe kuli kumpoto, siikuuza kuti pansi apa pali mtengo wa tsanya. Ndinaika mnzanga wa m'boti kutsogolo ndi nsungwi yaitali, akuponyanso chingwe chomangirira mwala kuti tiziyeza kuya kwa madzi. Pakakhala pakuya ndiye kuti tikadali mu mtsinje. Tinayenda pang'onopang'ono ngati onyamula maliro. Jipiesi ili m'manja mwanga, ikuyaka bwinobwino, osazima ngakhale kamodzi, ikundiuza mokhulupirika kuti ndili pamalo amene sindikuwadziwa.

Penapake ndinakhota msanga. Gu! Boti linakwera chitsa, pulopela yopalasa madzi n'kuthyoka, thabwa la pansi n'kung'ambika. Madzi anayamba kulowa. Munali mayi wina ndi khanda kumsana, ndipo kukuwa kwake ndimakumvabe. Tinaponya matumba a kapenta m'madzi kuti boti lipepuke. Tinakapa ndi ndowa, ndi mapoto, ndi zipewa, tikuitana mpaka mawu kusasa. Asodzi a mabwato ndiwo anatimva n'kubwera kudzatenga anthu. Palibe anafa, Mulungu yekha. Koma malonda a anthu anapita, boti linachita kukokedwa. Bwana anandipatsa ya basi yokha n'kunena kuti asadzandionenso. Sindimuda. Anandituma ku Chipata, ine n'kutsikira pa Chadiza chifukwa cha ulemu.

Tsopano ndili kuno, khasu lili paphewa, m'munda womwe anandilozera iwo omwewo. Sabata yatha ndinapita ku boma kukagula mchere. Ndinayesa kuzemba, koma anandiona.

“Akamwini! Tabwerani kuno!” Pa benchi panali podzaza. “Awa ndi aja ndinawakonzera makina a kumwamba. Tawauzani anthu, kanazimanso?”

Ndinavula chipewa. Ndinati sikanazimenso.

Za chitsa chija akudziwa. Esinati anawauza. Akuti anangoti nyanja ndi yoopsa, akamwini achita bwino kubwerera kumudzi.

Ndiye ndikufunsa, munthu akakuwonongera ntchito ali mwini mbumba ya mkazi wako, umakasuma kuti? Ku khonsolo adzati ndi nkhani ya m'banja. M'banjamo woweruza wake ndi iwo omwe. Kodi ndinapempha batire? Kodi ndinapempha kuyanika? Ndinapempha kasipuling'i kamodzi, kamodzi kokha. Ndalama sindikufuna, ndikudziwa kuti madzi akatayika saoleka. Ndikungofuna munthu wamkulu anene kuti akamwini, munandiuza, ine sindinamve. Kodi zimenezo n'zolemera?

Inu amisiri a pa boma, munthu akati apa musatsegule, musatsegule. Si chilichonse chokhala ndi mabatire chimene chili wailesi. Ngati chinthu simukuchidziwa, kunena kuti sindikuchidziwa sikuthothola mano.

Inu anzanga oyenda pamadzi, zimene zili m'makina koperani lero, osati mawa. Phunzirani mapiri, sungani nsungwi ndi chingwe. Ndipo inu akamwini anzanga ogwira ntchito kutali, mukatumidwa ndi katundu wa bwana, pitirirani naye komwe mwatumidwa musanaponde pamudzi. Akangotuluka m'chikwama pakhomo, salinso m'manja mwanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndikanalemba zambiri, koma ndikufuna ndikabwereke makwerero ndi hamala. Uthenga wabwera dzulo kudzera kwa Esinati. Apongozi alembetsa chikwangwani chatsopano cha pa shopu, chachikulu, cha utoto wofiira, ndipo msana ukuwawawa, sangakwere pamwamba. Akuti alembapo kuti timakonza mawailesi, mawotchi ndi makina a setilaiti. Wokachikhoma mawa ndine.