Desiki ya a Malume Jailosi

Utuchi wa mlombwa ndi wofiira, ndipo chaka chimenecho unali paliponse pakhomo pathu ku Rugare: pa zochapa za amayi, m'mbale, m'tsitsi langa, ngakhale pamsana pa mphaka wa aneba. Inali nyengo ya mvula. Abambo, omwe anali atapuma ntchito ya ukalipentala kunjanji, anakhoma malata awiri kuseri kwa nyumba kuti matabwa asanyowe, ndipo m'mawa uliwonse tinkadzuka ndi kulira kwa sowo ndi fungo la thabwa longopalidwa kumene, losakanikirana ndi la matope ndi utsi wa sitima. Ankapanga desiki ya muofesi, ya madirowa atatu kumanja ndi awiri aakulu kumanzere, akuya moti mafayilo aziimamo chilili.

Mwini desikiyo anali a Jailosi, alongo awo a amayi. Ana a mumsewu wathu ankawatchula sekuru mwa Chishona, ife tinkati malume. Anagwirapo ntchito m'tauni yonyamula makalata ndi kuphikira mabwana tiyi, koma mukanawamva akulankhula mukanati boma lonse ndi anzawo omwa nawo. Ankavala tayi ngakhale potuluka kukataya madzi osukusulira, ndipo m'thumba la malaya munkakhala mabolopeni anayi, awiri mwa iwo opanda inki. Nthawi imeneyo anthu ambiri a mtundu wathu, amene makolo awo anabwera m'dziko la eni lino kudzafuna ntchito, anali atachoka m'mapurazi, minda ikuluikulu momwe anabadwira ndi kukalambira, n'kudzapanikizana m'tizipinda ta ku Mbare opanda chitupa chilichonse. Amalume analengeza kutchalitchi kuti atsegula ofesi pakhonde pawo yothandiza anthu oterowo kupeza zitupa. Chinkasowa ndi desiki yokha.

Inenso ndinali m'gulu la osowa. Ndinali mu giredi seveni, ndipo ahedi anatiuza kuti wopanda setifiketi ya kubadwa dzina lake silipita ku mayeso teremu ikatha. Ndinali ndi khadi ya kuchipatala yokha, yachikasu, imene amayi ankaisunga m'Baibulo.

Abambo anaigwira ntchito ya desikiyo ngati akupangira mfumu. Ngodya za madirowa sanakhome ndi misomali, anasema timano ndi tchizulo kuti matabwa alumane okha. Ankakonda kunena kuti thabwa limamwa mvula ngakhale lili m'nyumba, choncho m'mbali mwa dirowa iliyonse anasiya kampata kongokwana chikhadabo, napaka kandulo m'njira zake. Ife atsikana tinkatola tizidutswa totsala n'kumasewerera phada pakhonde mvula ikamagwa. Amalume ankabwera tsiku lililonse kudzayendera, manja kumbuyo, kuopa kudetsa zala. Za timano ndi kampata analibe nazo ntchito. Ankafuna zogwirira zonyezimira ngati golide, loko wamkulu, ndi vanishi wochuluka kuti munthu woima patsogolo azidziona nkhope.

Desiki itatha, amuna anayi anaikweza pangolo yokankha n'kudutsa nayo msewu wonse, amalume akutsogolera ngati apeza ufumu. Ndipo anthu anabweradi. Ankachokera ku Mbare wapansi, kuwoloka njanji matope ali m'maondo, atakulunga mapepala awo m'majumbo a shuga: makadi a ubatizo, makalata a mabwana a kupurazi, ziphaso zakale za makolo awo zochokera ku Dedza ndi ku Mulanje. Azibambo a imvi ankavula zipewa pamaso pa desikiyo ngakhale mwini wake atapita kuseri. Ankabweretsa tomato, nthochi, wina mpaka nkhuku. Amalume ankayang'ana pepala lililonse nthawi yaitali, kugwedeza mutu, kuliponya m'dirowa, n'kutembenuza kiyi mwamphamvu kuti aliyense amve. Khadi yanga inalowa momwemo tsiku loyamba lenileni.

Masabata anadutsa. Aliyense wofunsa ankauzidwa kuti mapepala ali m'tauni, akulu akuwaona. Teremu itatsala pang'ono kutha, ine ndikulira tsiku ndi tsiku pochokera kusukulu, amayi anatopa napita kukaitanitsa khadiyo kuti akayese okha. Anabwerako chimanjamanja. Nkhani ya amalume inali itasintha: akuti khadi yanga yokha inali isanapite m'tauni, chifukwa dirowa yatupa ndi mvula ndipo sikutseguka.

Abambo anali munthu wofatsa, woti mlamu wawo akanawadyera chakudya pamaso osanena kanthu. Koma atamva zimenezo anaika kapu ya tiyi pansi. “Dirowa yanga yatupa?” Anatenga pulena yopalira matabwa, nandiuza kuti ndiwatsate popeza khadiyo inali yanga. Tinapeza anthu asanu ndi mmodzi atakhala pabenchi, amalume akupukuta desiki ndi mpango.

“Alamu, ndipatseni kiyi ndikonze,” anatero abambo.

“Aa, musavutike bambo, izi ndi za ofesi, confidential,” anayankha amalume, thukuta likutuluka pamphuno.

Abambo sanabweze dzanja. Kiyi itabwera, anakoka dirowa yaikulu ndi chala chimodzi, ndipo inatuluka yokha mpaka kumapeto popanda ngakhale kaphokoso. Munali mapepala onse, ambiri akadali m'majumbo awo a shuga, mfundo zosamasula. Yachiwiri chimodzimodzi. M'madirowa a kumanja munali chipeso, polishi wa nsapato ndi theka la banzi louma. Palibe pepala limodzi lomwe linakwerapo kombi yopita m'tauni.

Chimene chimandinyansa mpaka lero n'chakuti amalume sanachite manyazi. Anakonza tayi n'kuyamba kufotokoza m'Chingerezi kuti mafayilo amayamba asanjidwa kaye. Mayi wina wachikulire, a Nambewe, omwe ankagulitsa masamba ku Mbare Musika ndipo anali atabwera kasanu, anangoti, “Ndipatseni zanga ndizipita.” Popeza ambiri sankadziwa kuwerenga, ine ndi amene ndinaimirira pambali pa desiki kumasula majumbo ndi kuitana maina. Mapepala otsala tinawapereka kutchalitchi Lamulungu. Khadi yanga inali pansi penipeni.

Amayi anapita nane m'tauni, tinaima pamzere masiku atatu, ndipo setifiketi inatuluka sukulu itatseka kale. Anzanga analemba mayeso, ine ndinabwereza kalasi, mtsikana wamtali pakati pa tiana timene tinkandiseka kuti ndine gogo. Abambo sanapangenso desiki moyo wawo wonse. Wobwera kudzafunsa ankamuuza kuti iwo amapanga mabenchi ndi zitseko.

Ndikaganiza za nyengo imeneyo, sindinyoza amalume okha. Tonse tinkadziwa kuti munthuyo anali wophika tiyi. Amayi anakula naye, ankadziwa kuti sanamalizepo chilichonse chimene anayamba. Koma atangokhala kuseri kwa thabwa lonyezimira, tinayamba kuyankhula naye motsitsa mawu, ndipo anthu omwe analima fodya zaka zonse za moyo wawo anamupatsa mapepala okhawo osonyeza kuti anabadwa. Palibe amene anamuthamangitsa kapena kumuzenga mlandu. Ankati ndi wachibale, ndi wamkulu, zisiyeni.

Amalume anakhala ndi moyo zaka zambiri, ndipo pa ukwati wanga anapatsidwa mpando wakutsogolo monga mwini mbumba. Ataitanidwa kuti alankhule, anauza anthu kuti mwana uyu sukulu yake inayenda chifukwa cha iwo, ndi iwo amene anamuthamangira za mapepala. Anthu anaomba m'manja, azimayi analuluta. Nthawi ya chakudya itakwana, ine mkwatibwi ndinatenga beseni ndi jagi, n'kugwada pamaso pawo mu diresi langa loyera kuti asambe m'manja. Anasamba mosafulumira, chala chimodzichimodzi, kenaka anandiuza kuti madziwo azizira.