Malikisi a amayi ku Nairobi

Ndikukumbukira nyumba ya ku Buruburu, mumzinda wa Nairobi, kumene amayi anga ankagwira ntchito yophika kwa banja lina la Chimalawi. Ananditenga ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi poti kumudzi kunalibe wondisiyira. Awirife tinali ndi chinsinsi: amayi sankadziwa kuwerenga. Adona akalemba kapepala ka zogula, ndinkawawerengera ndine kuseri kwa thanki ya madzi. Amayi ankaopa kuti zikadziwika atikweza basi yobwerera kwathu.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, abwana anatitenga tonse kukadya kwa mnzawo wa kuntchito, mayi wa ku Philippines amene tinkangomuti Anti Marisa. Patebulo panali nyama ya nkhumba yoderera, yonunkhira viniga ndi adyo, ndi chimbale cha supu wa nsomba. Amayi atalawa supuyo ananditsina pantchafu. "Usadye, zasasa izi," anandinong'oneza. Anti Marisa ataona nkhope yawo anaseka, n'kukatenga bwemba kukhitchini kudzationetsa chimene anathira mu supuyo. Amayi anati kwathu bwemba ndi wa ana ndi anyani, komabe anawonjezera kawiri.

Mbale zisanachotsedwe n'komwe, anayatsa wailesi ya kanema n'kulumikizako maikolofoni. Ankati karaoke. Nyimbo imalira yopanda woimba, mawu akuyenda pagalasi, iwe n'kumawerenga ukuimba. Pomaliza makinawo amakupatsa malikisi ngati kusukulu. Ndipo kwa anthu amenewa, kukana kuimba n'chimodzimodzi kukana chakudya. Abwana anaimba dzanja lili pachifuwa, mtsempha wa pakhosi uli njo, n'kupeza 61.

Kenako Anti Marisa anapatira amayi maikolofoni ija. Ndinasendera pafupi kuti ndiziwanong'oneza, koma mawuwo anali a Chingerezi ndipo ankathamanga kuposa Sitandade 4 yanga. Amayi anamangitsa chitenje chawo, anamvetsera kaye kagundidwe ka ng'oma, kenako anafulatira kanemayo n'kuyambitsa nyimbo ya amayi a kumpingo kwathu, ija amaimba popita kukazonda wodwala. Phazi linkagunda pansi. Adona anayamba kuvomera osadziwa, alendo ena onse akuwomba m'manja. Makina anapereka 96.

Pobwerera m'galimoto adona anatembenuka. "Koma amake Tadala, bwanji simunatsate mawu aja?"

Amayi anayang'ana kaye maminibasi, aja amawatcha matatu kumeneko, amene ankatipitirira. "Sindidziwa kuwerenga, adona. Timapepala tanu tija amawerenga ndi mwanayu."

Ine mumtima ndinali nditayamba kale kulongedza. Ndiye abwana anatsokomola. "Ine ndili ndi madigiri awiri, ndapeza 61. Nkhaniyi ithere pompano."

Tinakhala m'nyumba imeneyo zaka zina zinayi.

Amayi tawaika m'manda chaka chino, mvula ili mkati. Masiku ano ana anga amaimba karaoke pafoni, aliyense payekha kuchipinda, akalakwitsa amafufuta n'kuyambiranso. Amayi analibe poyambiranso. Anaimba kamodzi kokha, pamaso pa anthu. Koma mpaka ukalamba wawo, munthu akawafunsa kuti sukulu analekezera pati, ankamuyankha kuti mayeso analembapo kamodzi, kunja kwa dziko, ndipo anaposa abwana awo.