Chambo chimene ntchentche zinachikana

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kukwatiwa ndi munthu wodyetsa anthu mankhwala osungira mitembo, ndipo khomo lokatengera mankhwalawo ndinkamutsegulira ndine. 

Nditamaliza maphunziro a zausodzi, ndinapeza atachimenti pamalo ena ofufuzira za nsomba kufupi ndi Senga Bay. Ntchito yanga inali yosamalira nsomba zakufa zosungidwa m'mabotolo: mbuna zamitundumitundu, ntchila, kampango, zina zinagwidwa ine ndisanabadwe. Nsomba ikangobwera tinkaiviika m'fomalini kuti iume thupi isawole, kenako n'kuiika m'botolo la sipiriti. Fomalini ameneyu ndi yemwe uja amabaya maliro kumotchale. Amaluma m'maso, amakanda kukhosi, moti sitinkamugwira popanda magolovesi. Makiyi a chipinda chosungiramo zonsezi anandipatsa ine.

Nthawi imeneyo ndinali paubwenzi ndi mnyamata wina wa geni ya nsomba, wogula kunyanja n'kukagulitsa ku Lilongwe. Anali waukhondo, wapakamwa potsekemera, ndipo ankhoswe anali atayamba kale kukambirana za chinkhoswe. Masana ankabwera pakabaza kudzandiona kuntchito. Ine, pofuna kudzionetsa kuti ndine wasayansi, ndinkamulowetsa m'chipinda muja. Tsiku lina anayang'anitsitsa kampango wam'botolo n'kufunsa chifukwa chake sawola. Ndinamufotokozera zonse mokhathamira ngati mphunzitsi, mpaka kumulozera chigubu cha fomaliniyo. Kuyambira pamenepo sankabweranso wopanda chikwama. Fomalini atayamba kutsika m'chigubu, ndinkangoti mwina ndi kutentha kwa Salimaku.

Loweruka lina tinapita kwathu kumtunda kukaona amayi. Iye ananyamula chambo chachikulu, chonyezimira, amayi mpaka kululutira kuti apeza mkamwini. Ndinachitengera kuseri kuti ndikachipale. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma palibe ntchentche ndi imodzi yomwe inatera pansombayo, chonsecho pambale zosatsuka pambali pake zinali ng'waa. Mnofu unali gwa ngati labala. Nditachitumbula, fungo linandimenya m'mphuno, maso n'kuyamba kuluma. Fungo limenelo ndinkakhala nalo tsiku ndi tsiku, sindikanalisokoneza ndi lina. 

Mnyamata uja ndinamuitanira kuseriko n'kumuonetsa. Ndinkayembekeza kuti akana, kapena achita manyazi. Iye anangodzimenya pachipumi.

"Aaa, ndasokoneza mabeseni! Za achibale ndimaika padera, sindiwaza. Iyi inali ya kumsika."

Inu owerenga, mawu amenewo anandinyansa kuposa fungo lija. Ndiye kuti ankadziwa bwinobwino kuti ndi poizoni. Ankadziwa kuti amayi sayenera kudya, koma amayi a anthu ena, ana awo, odwala amene amawagulira nsomba kuti apezeko mphamvu, amenewo adye basi. Ndinamufunsa ngati ogulawo si anthu. Anati amangowaza pang'ono, ayezi amasungunuka panjira, nanga iye atani. Anafika pondigwira dzanja n'kunena kuti tisaononge chinkhoswe chifukwa cha nsomba imodzi. Dzanjalo ndinakalisamba ndi sopo.

Chambocho ndinachikwirira mozama kuti ngakhale galu asachifukule. Amayi anatipatsa nkhwani, iye anadya osayang'ana munthu kumaso, n'kunyamuka yekha.

Lolemba ndinakawauza abwana zonse. Anandimvetsera, anakanena kumene kumayenera kunenedwa, koma makiyi anandilanda, ndipo atachimenti inathera pomwepo. Sindiwada, chipindacho sichinali chochezeramo. Ankhoswe anayesa kundinyengerera kuti mwamuna salakwa kamodzi n'kutayidwa. Ndinawafunsa ngati angadye ndiwo zogulidwa ndi munthu ameneyo. Nkhani ya chinkhoswe inafera pomwepo.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti sindidziwa kuti ndi anthu angati anadya nsomba zimenezo, ndipo sindidzawadziwa.

Achinyamata anzanga opita kuatachimenti, akakupatsani makiyi, chibwenzi chizikudikirani panja pampanda. Mankhwala akayamba kutsika, musanamizire dzuwa, kanenenitu msanga. Nanu ogula ndiwo, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nsomba ikakhala padzuwa osafewa, ntchentche n'kumailambalala, isiyeni. Ine ntchentche ndinkadana nazo moyo wanga wonse, koma ndi zimene zinapulumutsa amayi anga, pomwe mkamwini anawabweretsera imfa m'beseni.