Mawu Atatu a Mwana wa Achemwali

Mwana wa achemwali anga anafika zaka ziwiri ndi theka asanatulutse liwu. Akafuna madzi ankakoka chitenje cha mayi ake, akamumana ankadzigwetsa n'kumamenyetsa mutu pansi. Kwathu ku Kaseye mwana wotere samudikira. Amati pansi pa lilime pali kamtsempha komanga mawu, ndipo kutsidya kwa dambo kuli bambo wina amene amakadula ndi lumo. Apongozi a achemwali anali atapangana naye kale kuti tikangokolola, mwanayo apite.

Ntchito ya bamboyo ndinkaidziwa. Ndinaonapo mwana wa kumpingo kwathu atabwerako, magazi atauma kuchibwano, masiku anayi osayamwa.

Apo n'kuti ndili Fomu 3, mbiri yanga itanunkha kale. Ndine mtsikana amene anathira chitedze pampando wa aphunzitsi a masamu. Ndinenso ndinaimba belu lowerukira nthawi ya teni koloko, sukulu yonse n'kubalalika. Koma luso langa lenileni linali kutengera kalembedwe ka anthu. Dzanja la ahedi ndinkalitha kuposa eni ake.

Aphunzitsi athu a Chichewa, mayi ochokera kummwera, ananenapo m'kalasi kuti mwana amaphunzira kuyankhula pamiyendo pa kholo, ndipo wawo ankamuonetsa zithunzi za m'buku asanamere mano. Anzanga anaseka. Ine ndinapita m'laibulale, momwe munali katoni ya mabuku a ana imene inasochera kusukulu kwathu, n'kulowetsa limodzi m'siketi. M'bukumo munali zithunzi za mbuzi, njinga, ndowa, nkhuku ndi ana ake.

Sabata imeneyo achemwali anali kumunda, ndiye kusikelo ndinapita naye ndine. Pobwerera ndinakhala pansi pa mtengo n'kutsegula kabuku kake ka kuchipatala. Ndinalemba m'Chingerezi chothamanga ngati cha madokotala kuti mwanayu akhale pamiyendo pa mayi ake ndi buku ili tsiku lililonse, ndipo lilime lake lisakhudzidwe. Chidindo ndinapanga ndi chitsekerero cha botolo ndi inki ya bolopeni. Kunyumba ndinawawerengera apongozi nkhope ili gwa, n'kuwonjeza kuti wophwanya lamuloli boma limudziwa. Gogoyo anangoti yewo, n'kulowa m'nyumba.

Achemwali analekera sukulu Sitandade 3. Anandinong'oneza kuti zilembozo sazitha, ine ndinati adokotala anena kuti zithunzi zokha n'zokwana. Anayamba mwamanyazi, pakhonde, akachoka kumunda, akutchula zinthuzo m'Chilambya chathu. Masiku oyamba mwana ankangotafuna ngodya za buku. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndinali ndisanawamvepo akumuuza mwanayo mawu opitirira "siya" ndi "khala pansi." Sikuti sankamukonda. Munda, madzi, nkhuni, zonse zinali pamutu pawo, amuna awo ali ku Tunduma kunyamula katundu pamalire.

Sabata yachitatu mwana anaika chala pambuzi n'kuwayang'ana mayi ake kumaso, kudikira. Iwo anatchula, iye anaseka. Anaikanso chala, kudikiranso. Kenako anayamba kugwira chala chawo n'kumachiyendetsa yekha pazithunzi. Mwezi usanathe anali ndi mawu atatu: mbuzi, njinga, ndi mama. Ankatuluka opindika, koma anali mawu. Achemwali tsiku la "mama" anapita kuseri kwa nkhokwe ndipo anakhalitsako.

Ndiye alamu anga anabwera kudzakolola. Atamva za lamulo la adokotala ananyada, ndipo tsiku la sikelo anapita okha, ati akathokoze. Wa zaumoyo anatsegula kabuku, anayang'anitsitsa chidindo changa, n'kuphulika kuseka pamaso pa amayi onse amene anali pamzere. Anawauza kuti palibe dokotala analemba zimenezi. Anawonjeza kuti ngakhale zili zabodza, malangizowo ndi abwino, mwana asadulidwe. Koma alamu anali atasiya kale kumva.

Anandipeza ndikusenda chimanga.

"Mulamu, mwandisandutsa chidole pamaso pa azimayi."

"Koma mwana akuyankhula, alamu."

"Mawu atatu? Nkhuku imaposa pamenepo."

Adada, bambo anga ondibereka, anandikwapula ndi chubu cha njinga mpaka anatopa okha. Mmawa mwake alamu anamangirira mwana pakaliyala ya njinga ndi chitenje, ulendo wa kwa bambo wa lumo uja. Achemwali anawatsata wapansi, akuwachonderera kuti adikire mwezi umodzi wokha. Anafika nawo pamphepete pa dambo n'kubwerera okha.

Mwana anabwera madzulo atasasa mawu ndi kulira. Tsiku lachitatu m'kamwa munatupa, thupi linatentha, ndipo anakagona kuchipatala sabata yathunthu akudya phala lamadzi ndi kasupuni. Alamu anabwerera ku Tunduma mwana asanatuluke. Asanachoke, buku lija analing'amba n'kumapichirira fodya, koma achemwali anali atabisa masamba anayi m'Baibulo lawo.

Akulu a mpingo anandiitana kuti ndipepese chifukwa chonama. Ndinawauza kuti kunama ndinanamadi, ndipo kunandikomera. Nkhope ya apongozi pamene ndinkatchula boma ndimaikumbukirabe ndikamafuna kuseka. Akuluwo anati ndine mwana wouma mutu, ine ndinavomera. Kusukulu anandipatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala chifukwa cha bukulo, ndipo ndinakumba ndikuimba.

Papita miyezi isanu. Apongozi akuti tidikire, bala likapola bwinobwino mawu adzakhuthuka ngati madzi. Bala linapola kalekale. Mwana salola munthu kufikitsa dzanja kumaso kwake, ngakhale kumupukuta mamina, amakuwa n'kuthawira kunsi kwa bedi. Achemwali amakhalabe naye pakhonde ndi masamba awo anayi. Iye amaika chala pachithunzi, amawayang'ana, iwo amatchula, kawiri, katatu. Amamvetsera ndithu, maso ali pamilomo yawo. Koma pakamwa pake amatseka zolimba, ndipo mawu atatu aja sitinawamvenso.