A Loya, Bwezani Buku la Kuchipatala la Alamu Anga

Lachiwiri ndakhala pa benchi mu ofesi ya loya wina mu Zomba kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 3:20 masana. Ndinapita kukatenga chinthu chimodzi chokha. Buku la kuchipatala la alamu anga. Ndabwerako chimanjamanja, ndipo aka ndi kachisanu ndi chiwiri.

Ine si munthu wolalata. Ondidziwa kuno kwa Malemia angandichitire umboni. Tinaphunzitsidwa kuti mbale akakulakwira umayamba wapita wekha. Ndinapita ndekha kanayi. Akakana kumva umatenga mboni. Ndinatenga akulu a mpingo awiri, tinapita kawiri. Chatsala ndi kuuza gulu. Ndiye ndikukuuzani.

Alamu anga ndi Che Sumani, amuna a mng'ono wanga Esinati. Anali telala pa Songani. Iwo ndi Msilamu, ine ndine Mkhristu, ndipo bulauzi yoyera imene ndimavala kumapemphero a amayi Lachinayi anasoka ndi iwowo. Zaka ziwiri ndi theka zapitazo mabatire a sola anabedwa m'sitolo imene iwo ankasokera pakhonde pake. Apolisi anawatenga. Anakhala m'chitokosi masiku anayi. Anawamanga manja kumbuyo n'kuwapachika pa chitsulo. Anawamenya kumapazi ndi kumsana. Zala za dzanja lamanja anazipana pachitseko kuti avomere. Tsiku lachisanu mabatire aja anapezeka ndi anthu ena, alamu n'kuuzidwa kuti azipita. Popanda mlandu, popanda pepani.

Tinapita nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Dokotala analemba zonse m'buku lawo: zala zitatu zothyoka, mabala kumsana, magazi mumkodzo. Analemba tsiku, anasaina, anadinda. Esinati analikulunga m'jumbo ya shuga kuti lisanyowe. Umboni wathu wonse ndi umenewo.

Amene anawatengera kwa loyayu kuti akasumire apolisi ndine. Ichi ndi chimene chikundisowetsa mtendere. Ndikagwira khasu ndimachiganiza, ndikagwada ndimachiganiza. A loyawa anabwera kutchalitchi kwathu ngati mlendo, anapatsidwa mpata, ndipo analankhula za amasiye ndi oponderezedwa mpaka amayi ena anapukuta misozi. Ananena kuti ofesi yawo imathandiza ozunzidwa kwaulere. Alamu ankakana. Ankati tizisiye, Mulungu adzaweruza yekha. Ine ndinawakakamiza. Ndinati munthu ameneyu ndi woopa Mulungu, ndamumva ndi makutu anga.

Tsiku loyamba anatilandira bwino. Asanatsegule fayilo anati tipemphere, ndipo anapemphera atagwira dzanja lopunduka lija. Kenako anatulutsa buku m'jumbo, anawerenga, anapukusa mutu, n'kunena kuti likhale m'fayilo mwawo chifukwa kumudzi lingadyedwe ndi chiswe. Jumbo yokha ndi imene anatibwezera.

Ndiye panabwera zosaina. Alamu sangagwire bolopeni. A loya anaitanitsa kabokosi ka inki ndi mapepala asanu. Mapepala oyera, opanda chilembo ngakhale chimodzi. Anati akuchita zimenezi potimvera chisoni, kuti tisamavutike kukwera minibasi nthawi iliyonse pakafunika siginecha. Anagwira chala chachikulu cha kumanzere cha alamu, n'kuchidinda pansi pa pepala lililonse. Kasanu. Ine ndinaona. Koma sindinafunse. Ungamufunse bwanji munthu amene wangomaliza naye kunena Ameni?

Patatha miyezi itatu anatiimbira foni kuti tibwere Lachitatu 10 koloko, pali nkhani yabwino. Tinawabwerekera alamu nsapato zazikulu, poti mapazi anali akutupabe. Titafika tinapeza alendo asanu ochokera kunja, atatu mwa iwo amayi. Nkhani yabwino inali imeneyo. A loya anauza alamu kuti avule malaya alendo aone. Bambo wa zaka makumi asanu, wopemphera kasanu pa tsiku, amene ngakhale kudimba savula malaya. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Anavula. Anauzidwa kuti atembenuke, akweze dzanja pang'ono, ayandikire pawindo kuti chithunzi chiwale. Anauzidwa kuti afotokoze za chitseko chija, kenako abwerezenso chifukwa mlendo wina sanajambule bwino. Atamaliza tinapatsidwa botolo la chakumwa ndi banzi. Tinakwera minibasi kubwerera pa Songani.

Kuyambira tsiku limenelo foni ya a loya inasiya kuyankhidwa. Mlembi wawo ali ndi mayankho ake oloweza pamtima. Abwana ali kukhoti. Abwana ali ku Blantyre. Abwana ali ku semina. Mlandu uli mkati, tingodekha. Jaji ali pa tchuthi. Jaji wabwera koma wadwala. Zaka ziwiri. Kodi jaji ameneyu amadwala matenda anji osachira, osafa?

Mwezi watha ndinatopa, ndinapita ndekha kukhoti. Mayi wina wogwira ntchito ku mafayilo, Mulungu amukumbukire, anandifunira fayilo yathu mpaka anaipeza. Anandiyang'ana modabwa. Anati mlanduwu unachotsedwa chaka chatha mu Ogasiti, ndipo anauchotsa ndi mwini wake. Anandionetsa pepala lotayipidwa m'Chingerezi, n'kundimasulira. Likuti Sumani, mwa kufuna kwake, mosakakamizidwa ndi munthu, wausiya mlandu ndipo sakudandaulanso. Pansi pake pali chala. Chala chija.

Ndinayang'ana tsiku lake. Linali Lachinayi, ndipo Lachinayi limenelo ndikulikumbuka. Alamu anali chigonere m'chipatala atachitidwa opaleshoni ya dzanja. Ife amayi titaweruka kumapemphero tinakwera galimoto kukawazonda, tinawaimbira nyimbo, iwo n'kumaseka kuti lero Akhristu andizinga. Buku latsopano la kuchipatala limene tinagula likunena poyera: anagonekedwa Lolemba, anatuluka Lachiwiri la sabata yotsatira. Ndiye ku ofesi kwa a loya anafikako bwanji? Anauluka ndi diripi kumkono?

Mayi wa kukhoti uja anandiuza zinthu ziwiri. Anati loya wina akhoza kuyesa kuudzutsa mlanduwu. Koma anati nthawi yosumira ili ndi malire, ndipo yathu yatsala miyezi yochepa. Anatinso popanda zimene dokotala woyamba analemba, kudzakhala pakamwa pathu kulimbana ndi pakamwa pa apolisi. Ndinathamangira kuchipatala. Dokotala uja anasamutsidwa. M'kaundula muli dzina ndi tsiku basi. Anandikumbutsa zimene tonse tikudziwa, kuti matenda a munthu amalembedwa m'buku lake limene amasunga yekha.

Nditafika kunyumba ndinawauza alamu. Anali pakhonde akusankha mtedza ndi dzanja limodzi, poti mashini anagulitsa kale. Sanakwiye. Anangotembenuza dzanja lamanzere, n'kumayang'ana chala chachikulu.

"Mlamu," anatero, "ndiye kuti chala chimene apolisi anandisiyira, a loya ndi amene anachitenga."

Ndikanakonda akanandikalipira.

Ndibwerere ku Lachiwiri. Pa khoma la chipinda chodikirira pali chipepala chachikulu cholengeza ntchito za ofesiyo. Pali chithunzi cha msana wa munthu, nkhope anaidula. Msana umenewo ndimaudziwa. Ndinathandiza Esinati kuuthowa ndi madzi otentha masabata atatu. Ndakhala pansi pake maola asanu ndi awiri. Chithunzi sichinasowe. Chinasowa ndi buku.

Mlembi anandiuza 8:15 kuti abwana sabwera lero. Galimoto yawo inali panja. Ndinati ndidikira. Nthawi ya 11 anati ali ndi kasitomala. Nthawi ya 1 koloko mbale ya chakudya inalowa, inatuluka yopanda kanthu. Ndinafunsa ngati munthu amene sanabwere amadyanso. Mlembi anati ndisamuvutitse, iye ndi wantchito chabe. Zoona, ndi wantchito chabe, ndipo ndilibe naye chifukwa.

Nthawi ya 3:20 chitseko chinatseguka. A loya anatuluka makiyi ali m'manja, n'kundipeza nditaima pakati pa njira.

"Aa, mayi athu. Mtendere wa Ambuye."

Ndinayankha moni, poti moni sakana. Kenako ndinawaonetsa fotokope ya pepala la kukhoti ndi buku latsopano, masiku awiriwo atagundizana. Sanachite manyazi. Anati nkhanizi ndi zakuya, munthu wamba sangazimvetse. Anati anthu amene tinkalimbana nawo ndi amphamvu, ndipo iwo anatipulumutsa ku mavuto aakulu. Ndinafunsa chifukwa chimene sanatiuzire. Anati anali otanganidwa. Kenako anatsitsa mawu ngati ali paguwa.

"Inu ndinu Mkhristu, mayi. Auzeni alamu anuwo akhululuke. Kubwezera si kwathu."

Ndinapempha Mulungu agwire lilime langa, ndipo analigwira.

"Bambo," ndinatero, "kukhululuka n'kwa amene anamenyedwa. Akafuna adzakhululuka ndi pakamwa pake. Inu simungakhululuke ndi chala cha munthu wina. Ndipatseni buku."

Anati mafayilo akale ali kuchipinda chosungira katundu, ndipo amene amasunga kiyi wapita kumaliro. Ndibwere Lachisanu. Lachisanu limeneli ndalimva kasanu ndi kamodzi. Kodi munthu wa kiyiyu abale ake sanathe?

Tsono a loya, dzina lanu sindilitchula pano, koma mukudzidziwa, ndipo ndikudziwa kuti muwerenga. Anakutumani ndani kuchotsa mlandu? Munalandirapo chiyani? Sindikudziwa, ndipo sindichita umboni wonama. Ndikungofunsa. Mapepala anali asanu. Limodzi taliona. Anayi enawo munalembapo chiyani? Msana wa alamu anga munaupachika pakhoma ndi chilolezo cha ndani? Apolisi aja sanapemphere nafe. Sananene kuti ndi abale athu. Inu munapemphera.

Dzulo ndatumiza kalata ku bungwe limene limayang'anira khalidwe la maloya. Ndaikamo mafotokope onse. Akulu a mpingo awiri aja asaina ngati mboni. Ashehe a kumzikiti kwa alamu asainanso. Amayi asanu ndi mmodzi amene tinali nawo kuchipatala Lachinayi lija ati akaitanidwa apita, ndipo nyimbo imene tinaimba akuikumbuka. A bungwe, sitikupempha chifundo. Muitaneni munthuyu ayankhe, nthawi yathu isanathe. Ngati loya angachite izi kwa munthu amene wabwera ndi mabala, n'kupitiriza kuvala mkanjo wake, ndiye wozunzidwa athawire kuti?

Inu anzanga a ku Domasi kuno, ndi kwina konse, mverani kwa ine amene ndinalakwitsa. Musadinde chala pa pepala loyera, ngakhale wokupemphaniyo atalankhula ngati mngelo. Buku la kuchipatala musasiye m'manja mwa munthu, mupatseni fotokope. Mufunse nambala ya mlandu, mupite nokha kukhoti mukaone. Ndipo m'bale wanu akauzidwa kuti avule malaya pamaso pa alendo, musayang'ane pansi ngati ine.

Pomaliza, a loya, ndamva chilengezo. Lamulungu likubwerali ndinu mlendo wolemekezeka pa mwambo wosonkha ndalama za denga la tchalitchi chathu. Sabata imeneyi ntchito yolandira alendo pakhomo ndi yanga. Sindidzakuwa. Sindidzakuchititsani manyazi m'nyumba ya Mulungu. Ndidzavala bulauzi imene anasoka Che Sumani zala zawo zili zonse, ndidzakupatsani moni mwaulemu, ndipo ndidzakhala nditanyamula jumbo ya shuga ija. Ikadali yopanda kanthu. Musanapite kutsogolo ndi envulopu yanu, muyambe mwaikamo buku.