Kutsanzika kwa Wogwirira Ntchito Pakhomo

Mwamuna wanga atagwa ndi sitiroko, dzanja ndi mwendo wakumanja zinaleka kumumvera. Kudya ankadya yekha ndi dzanja lamanzere, koma kudzuka pampando, kupita kuchimbudzi ndi kumwa mankhwala pa nthawi yake, zonsezo zinkafuna munthu. Munthuyo ndinali ine, koma ine ndinkakhalira pamsewu wa ku Lusaka. Ndinkachoka pakhomo pathu ku Chongwe nkhuku zisanatsike, n'kubwerako dzuwa litalowa kale. Ana athu anali kusukulu zogonera komweko. Mtsikana amene ndinam'lemba ntchito sanachedwe, anati kunyamula bambo wamkulu chonchi si ntchito yake, ndipo sindinamuimbe mlandu.

Ntchito yanga ndi kuyankha mafoni pakampani yogulitsa mapampu a madzi oyendera dzuwa. Mlimi wa ku Kanakantapa akaimba kuti pampu yaleka kukoka, ndimayang'ana pakompyuta, ndimam'funsa mafunso, kenako ndimam'tumizira makanika. Tsiku lina ndili mu minibasi, thumba la makala la munthu wina lili pamaondo panga, ndinadzifunsa kuti kodi mlimiyo amadziwa mpando umene ndakhalira? Mawa lake ndinalowa mu ofesi ya bwana wathu, mayi wachitsikana wabwino mtima koma wosagwedezeka, ndipo ndinam'pempha kuti ndizigwirira ntchito kunyumba. Anati tiyesere mpaka mvula itayamba, koma foni ikangolira popanda woyankha, kapena nkhope yanga ikasowa pamsonkhano wa m'mawa wa pakompyuta, ndibwerera ku ofesi. Tonse awiri tinkadziwa kuti kubwerera ku ofesi kunali kusiya ntchito, chifukwa mwamuna wanga sindikanamusiyanso yekha.

Ndinabwera ndi laputopu ndi mahedifoni ndili ndi chimwemwe cha mwana. Netiweki m'nyumba mwathu ndi yamwano, imangogwira bwino pawindo la chipinda cha ana, choncho tebulo ndinaliika pamenepo. Puloti yathu ndi yomaliza pa nyumba zatsopano. Kuseri kwa mpanda wathu wa waya kumayambira mabanja a kumishoni, anthu amene agogo awo ndiwo anaumba njerwa za tchalitchi, ndipo windo limenelo limayang'ana pabwalo la kalipentala wokalamba wa mishoniyo. Mkazi wake ndinkangomutchula kuti amayi a kuseri kwa waya. Ife si Akatolika, koma mwamuna wanga atadwala amayiwo ankabwera ndi chibwabwa, ndiwo za masamba a maungu, m'mbale, n'kukhala naye pakhonde akupemphera kolona, iye akungogwedeza mutu.

Kenako kalipentala uja anamwalira.

Ndinachita zonse zimene ife ogwira ntchito ku Lusaka timachita maliro akagwa pafupi. Ndinapita m'mamawa, ndinagwada, ndinalira, ndinatunga madzi, ndipo madzulo ndinkabwerera kukakhala ndi azimayi anzanga. Tsiku loika maliro ndinapempha tchuthi. Bwana anati malamulo amalola maliro a m'bale, osati a munthu woyandikana naye nyumba, ndipo anandikumbutsa kuti ndidakali pa mayeso. Ndinakhala pawindo langa.

Pamsonkhano wa tsiku limenelo makanika wathu wina anaika foni yake pansi osadziwa kuti kamera yayaka, ndiye tonse tinkangoona mphuno zake ziwiri zikulongosola za mapampu. Ofesi yonse inaseka, nanenso ndinaseka. Kuseka kwanga ndinatengera bambo anga, sikubisika, kumamveka mpaka kumsika. Windo linali lotsegula chifukwa cha kutentha kwa mwezi wa Okutobala, makutu anga ali otsekeka ndi mahedifoni, ndipo sindinadziwe kuti kuseri kwa waya nyimbo zaleka, anthu ali zii, akutulutsa bokosi m'nyumba. Msonkhano utatha mafoni anayamba, ine n'kumapereka moni kwa alimi ndi mawu okoma amene anatiphunzitsa, aja akuti womva adziwe kuti ukumwetulira.

Madzulo nditapita kusiwa, azimayi anasendera pamphasa ngati ndabwera ndi mphere. Nditagwira ndowa, wina anandilanda mwaulemu woluma, nati ndisadzivutitse, ndatopa ndi kuseka. Masiku otsatira moni wanga unkagwera pansi. Zimenezo ndikanapirira, ine si munthu wofa ndi moni. Chimene chinandipweteka ndi khonde. Anthu amene ankapatuka kudzacheza ndi mwamuna wanga pochokera kutchalitchi kapena kudimba anayamba kudutsa maso ali kutsogolo. Iye ankakhala pampando wake kuyang'ana pageti kuyambira m'mawa, ndipo tsiku lina anandifunsa ndi lilime lake lolemera kuti kodi wawalakwira chiyani anthuwa. Ndinalowa m'bafa n'kulira ndi ukali, chifukwa ndinabwera kunyumba kuti asakhale yekha, ndipo tsopano anali yekha kuposa kale.

Mpaka lero ndimakana kuti ndinachimwa. Amuna a m'mapuloti athu anali kuseka m'maofesi ku Lusaka tsiku lomwelo ndipo palibe anawanena. Ine ndinali pantchito ngati iwowo, kungoti ntchito yanga inali ndi windo. Masiku a chisoni atachepa ndinanyamula laputopu kukhwapa, ndinazungulira waya, ndinakagwada pamaso pa namfedwa. Ndinapepesa chifukwa cha phokoso, kenako ndinatsegula laputopu kuti ndiwaonetse mmene zimayendera, kuti bwana amandiona, kuti alimi amaimba, kuti ndikadzuka pampando ntchito yatha. Ndinalankhula kwambiri, mwina mopitirira, ndipo iwo sanayang'ane n'komwe pa laputopuyo.

Nditatha anati, "Ba mai, muti munali ku nchito. Nanga ninakuonani liti mukupita?"

Ndinati sindinapite kulikonse, ndiyo nkhani yakeyo, masiku ano ntchito imabwera yokha kunyumba.

"Anzanu opita ku Lusaka anapita pano m'mawa, ovala nsapato, anagwada, anati tapita ku nchito, tizabwela madzulo. Ife tinati yendani bwino. Imwe tinakuonani mu chitenge na mapatapata, munaloba m'nyumba. Simunatsanzike. Munthu amene sanatsanzike alipo."

Ndinabwerera kunyumba mutu ukuwira. Ndinkafuna kuwayankha kuti nsapato sizigwira ntchito, amagwira ndi munthu. Koma ndikutsuka mbale ndinaona kuti kukangana nawo sikubwezera anthu pakhonde, ndipo kusiya ntchito sikugula mankhwala. Ndinadziuza kuti ngati akufuna kuona munthu akupita, amuona, ndipo atopa ndi kumuona.

M'mawa mwake ndinasambitsa mwamuna wanga, ndinam'khazika pakhonde, kenako ndinavala suti yanga ya ku ofesi, nsapato zazitali ndi chikwama paphewa. Anandiyang'ana ndi mantha poganiza kuti ndabwerera ku Lusaka, ndipo ndinamuuza kuti angodikira pang'ono. Ndinatuluka pageti, ndinapatukira kwa namfedwa, ndinawerama n'kunena kuti ndapita kuntchito, ndiweruka madzulo. Iwo anangopitiriza kusesa. Ndinayenda mpaka pamene minibasi zimaima, makondakitala akundikoka chikwama kuti ba mai tiyeni, mpando wakutsogolo ulipo. Ndinawakana, ndinatembenukira njira ya kumishoni, ndinadutsa pachigayo n'kulowanso pageti panga. Ndinakhala pawindo suti ili m'thupi, thukuta likutsika kumsana. Madzulo nditatseka laputopu ndinavala chitenje n'kupita kukapereka moni ngati munthu wochokera kutali.

Ayi ndithu, anthu anaseka. Azimayi a pamjigo ankandifunsa kuti ku tauni kwacha bwanji lero, ena ankati minibasi yanga ndi yothamanga kuposa ndege. Makondakitala analeka kundikoka, ankangoti ba mai a ulendo waufupi afika. Ndinamvanso kuti ena akuti matenda a mwamuna wanga andisokoneza mutu. Ndinkawayankha mmene ndikanathera, pakamwa panga si polemera, koma m'mawa uliwonse ndinkavala nsapato zija. Zidendene zake zinadyeka ndi fumbi la njira ya kuchigayo. Namfedwa poyamba ankangopitiriza kusesa, kenako anayamba kuimitsa tsache ndikamalankhula, koma liwu lawo sindinalimve.

Mvula yoyamba itagwa, bwana anatumiza uthenga kuti akufuna kulankhula nane ndekha pakamera za mayeso aja. Ndinazungulira ulendo wanga m'matope ndi ambulera, ndinakhala pansi, ndipo nkhope yake inatulukira. Anali atangoyamba kunena kuti akuluakulu ena sakukondwa ndi zogwirira ntchito kunyumba pamene ndinamva odi pageti. Hedifoni imodzi ndinali nditaisuntha pakhutu kuti ndizimva mwamuna wanga akaitana. Anali mawu a katekisiti wa mishoni, ndipo pawindo ndinaona kuti ali ndi akulu ena awiri a mpingo. Anthu otere sadikira pageti ngati ogulitsa tomato. Mwini nyumba amatuluka, amalandira, amapereka mipando. Mwamuna wanga sakanatha kudzuka. Odi anabwerezedwa, bwana akundiyang'ana m'maso kudikira kuti ndim'fotokozere chifukwa chake andikhulupirire. Miyendo yanga inkafuna kuimirira yokha, koma ndinaipanikiza pansi n'kuyamba kuyankha.

Pamenepo ndinamva mawu kuchokera kuseri kwa waya.

"Ba katekisiti, ba mai kulibe, bali ku nchito. Ninabaona neka bakupita. Lobani chabe, ba bambo balipo pakhonde, nibwela nikupaseni mipando."

Ndinamva geti likutseguka, mipando ikukokedwa pakhonde langa ndi manja a mayi amene anamva kuseka kwanga pa tsiku la maliro a mwamuna wake. Ndinamva mwamuna wanga akuyesa kupereka moni, akuluwo akumudikira kuti amalize. Onse ankalankhula motsitsa mawu, pafupi ndi windo lotsegula, akundiona ndakhala pomwepo.

Bwana analeka kulankhula n'kundifunsa ngati netiweki yadula, chifukwa nkhope yanga yangouma pakamera. Ndinapukuta m'maso ndi mkono wa suti, n'kumuuza kuti netiweki ili bwino, apitirize, ndili pantchito ndipo sindichoka.